Kodi njinga yakale ingapirire kudumpha milu ya dothi?

Akatswiri a njinga,

Ndinagula mountain bike yapakaunjika, yakale koma ikuyenda bwino. Ine ndi anzanga tinaunjika dothi pabwalo kuti tizidumpha ndi njinga. Kodi siingathyoke?

Mnyamata, Mchinji Boma

Achimwene,

Pa timilu tosapitirira m'mawondo ingathe, koma pa milu ikuluikulu ayi. Njinga zopangidwira kudumpha zimakhala ndi felemu yaifupi, yotsika ndi yokhuthala. Yanuyo inapangidwira misewu yamabampu, ngati yopita kumidzi mukapatuka pa M12. Ngati matayala ake ndi a mainchesi 26, pamenepo muli bwino, chifukwa odumpha amakonda omwewo.

Chondidetsa nkhawa ndi felemu, poti simudziwa kuti mwini wake woyamba ankaigwiritsa ntchito motani. Yachitsulo imayamba yapindika, kukuchenjezani. Ya aluminiyamu imatopa mwakachetechete n'kuthyoka kamodzin'kamodzi, ndipo owotcherera am'mbali mwa msewu sangailumikize n'kulimbanso.

Itsukeni, muyang'ane padzuwa paliponse powotcherera, makamaka pakhosi polowa foloko. Penti ikang'aluka kapena kuchita makwinya pamenepo, musadumphenso. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njingayo. Ikamagogoda, pitani nayo kwa amisiri. Akumangireninso masipoko ndi kuona ngati malimu sanapindike. Tsitsani chishalo, ndipo musadumphe opanda chipewa choteteza mutu, chonde.

Mukagwa n'kumenyetsa mutu, kenako n'kukomoka, kusanza kapena kusokonezeka, anzanu akuthamangitsireni kuchipatala cha boma cha Mchinji nthawi yomweyo. Khosi likamapweteka, asakunyamuleni mwachisawawa.