ZA UMOYO WATHU: Makina Oyeretsera Kapeti ndi Matenda a Mphumu

Nyengo ya mvula yapitayi mai wina wa ku Kapata anabwera ku cipatala katatu konse usiku ndi mwana wa zaka 6 amene anali kubanika. M'cifuwa mwa mwanayo munali kulira ngati kamwana ka mphaka. Ulendo wacitatu ndinafunsa kuti, “Amai, kodi m'nyumba mwasintha ciani?” Iwo anati anagula kapeti wa salaula, namucapa ndi makina obwereka, ndipo anakhala masiku anai asanaume. Mwanayo anali kugona pamenepo.

Owerenga okondedwa, masiku ano nyumba zambiri muno mu Chipata zili ndi kapeti. Makina oyeretsera angateteze banja lanu, koma angathenso kulidwalitsa mukasankha molakwa.

Kodi mu kapeti mukhala ciani?

Mukhala tudoyo tosaoneka ndi maso tochedwa dust mite. Tutatu tukandandalika pamzere tukwana milimita imodzi cabe. Situluma ai, koma tudya tuzidutswa twa khungu lathu tumene tugwa tsiku ndi tsiku, ndipo zitosi zace zikalowa m'mphuno ndi m'mapapo ziutsa mphumu, imene ambiri aicha asima, cimfine cosatha ndi kuyabwa kwa maso. Madotolo a ku Leiden, m'dziko la Netherlands, ndiwo anazindikira zimenezi mu 1964. Tudoyotu tukonda cinyontho, cotero tuswana kwambiri pa nthawi ya mvula, kuyambira November kufikira April.

Makina alipo a mitundu iwiri

Oyamba ndi okoka pfumbi, amene tonse tiwacha huva. Huva wa magetsi wonyamulika anamupanga ndi James Spangler mu 1907 ku Ohio, m'dziko la America. Iye anali wosesa m'sitolo, ndipo pfumbi linali kumuutsira mphumu. Mu 1908 William Hoover anagula nzeruyo, ndiye kumene kunacokera dzinali. Aciwiri ndi ocapa: athira madzi a sopo m'kapeti ndi kuwayamwanso.

Pogula, onani izi

1. Funsani ngati ali ndi sefa ya HEPA, imene igwira ngakhale pfumbi losalala kwambiri. Huva wopanda sefa yabwino angokoka pfumbi kutsogolo ndi kulilavula kumbuyo.
2. Funsani ngati masefa ndi matumba ace apezeka m'masitolo a muno. Makina otsika mtengo amene sefa yace muyenera kukaifuna ku Lusaka adzangokhala pakona.
3. Werengani kambale ka kunsi. Magetsi a ZESCO ndi a 230 volts, pamene makina akale ocokera ku America ndi a 120 volts, ndipo apsa mukangowalumikiza.
4. Ngati ndi ocapa, ayeseni pomwepo. Cofunika ndi mphamvu yoyamwa madzi, osati kucuruka kwa thobvu.

Kagwiritsidwe kace

1. Kokani pfumbi kamodzi kapena kawiri pa sabata. Yendetsani makina pang'onopang'ono, mazenera ali otsegula.
2. Wodwala mphumu asakhale m'cipindamo pamene mukuyeretsa, ndipo adikire theka la ola asanalowe.
3. Kakhuthuleni thumba panja, kutali ndi khomo.
4. Musakoke madzi ndi huva wa pfumbi, ndiponso musagwiritse nchito makina a nthambo yong'ambika pansi ponyowa. Magetsi apha.
5. Capani kapeti m'mawa tsiku la dzuwa, makamaka mu September ndi October. Aume tsiku lomwelo. Akapitirira masiku awiri ali wonyowa acita cuku, ndipo cuku naconso ciutsa mphumu. Musayambe kucapa ngati mudziwa kuti magetsi azima posacedwa.
6. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena oyeretsera, makamaka a m'cimbudzi. Zikakumana zitulutsa mpweya wochedwa chlorine umene uocha maso ndi mapapo.

Nanga opanda makina?

Musade nkhawa. Tulutsani kapeti panja, mkuntheni muli mutamanga kansalu pamphuno, ndi kumuyanika cozondoka pa dzuwa la masana kwa maola angapo, pakuti kutentha ndi kuuma kupha tudoyo. Citani cimodzimodzi ndi mphasa ndi matiresi. Mabulangete ndi nsalu zogonera zicapeni m'madzi otentha kufika madigiri 60. Pansi pa simenti kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa pouma.

Dziwani ici: palibe makina amene acotsa tudoyo tonse, pakuti tugwira zolimba pa ulusi wa kapeti. Ngati mwana wanu adwala mphumu, cotsani kapeti m'cipinda cimene agonamo. Ndizo zimene ndinauza mai uja, ndipo mwanayo tsopano timuona masana pa tsiku lace la kiliniki.

Komanso makina sindiwo mankhwala. Pitirizani kugwiritsa nchito mankhwala opopera m'kamwa monga anakuuzani a cipatala. Mwana akalephera kutsiriza mau cifukwa ca kubanika, nthiti zikamalowa m'kati popuma, kapena milomo ikasintha mtundu, musadikire kuti kuce. Thamangirani ku kiliniki kapena cipatala cimene cili pafupi ndi inu.