Phunziro la Chingerezi: Liwu Loti "Interest"

Mwana wa sukulu akakuuzani kuti "interest" ndiko kuti chidwi, sananame ayi, koma wanena mbali imodzi yokha. Liwu limeneli lidachokera ku Chilatini, "interesse", ndiko kuti kukhala pakati. Ndipo m'Chingerezi lili ndi matanthauzo angapo.

Tanthauzo loyamba ndi lomweli la chidwi. Abale ake ndi "curiosity" ndiponso "attention".

Lachiwiri ndilo gawo limene munthu ali nalo pa chinthu. Anthu atatu akasonkherana kugula bwato ndi chilimira, yense wa iwo ali ndi "interest" m'bwatomo, ngakhale uja amene sadapalasepo nkhafi chibadwire. Pano Angerezi amatinso "share" kapena "stake".

Lachitatu ndi ubwino wa munthu. Gawo 23 la Malamulo Aakulu a dziko lino limatchula "best interests" za ana, ndiko kuti zimene zingawakomere anawo koposa, osati zimene iwo akuzikonda.

Tsono tifike pa lachinayi, limene latha mbuzi m'makola ambiri: chiwongoladzanja. Inu a kwa Khombedza, mukatenga ngongole ya mbewu ya thonje, ya feteleza kapena ya geni ya usipa, liwuli mudzalipeza pa chikalata chimene akuti musayine. Yang'anitsitsani kaliwu kotsatira. "Interest in" ndi chidwi kapena gawo. "Interest on" ndi ndalama zoonjezera pa ngongole. Kusiyana kwake ndi lemba limodzi basi!

Onaninso ngati alemba "per month", pa mwezi, kapena "per annum", pa chaka. Tiyese kuti mwakongola K50,000 pa 20 peresenti. Ngati ndi pa chaka, mudzaonjeza K10,000 chaka chikatha. Ngati ndi pa mwezi, K10,000 yomweyo muzipereka mwezi ndi mwezi, ndipo pakutha miyezi 6 chiwongoladzanja chokha chakwana K60,000, kuposa ngongole yeniyeniyo. Chotere Angerezi ali nacho ndi dzina lake lina, "usury", limene ife timati katapila. Wokongoza sadzalemba liwu limenelo pa chikalata chake. Adzalemba "interest" basi.

Inu aphunzitsi, amene anthu amakubweretserani zikalata kuti muwawerengere, musangoti apa akunena za chiwongoladzanja. Tengani pensulo, muwerengere pamodzi ndi mwini wake ndalama zonse zimene adzabweze pofika nyengo yokolola, asanadinde chala.