Mavuto ndi ambiri pachipatala pathu, tiyambe ndi liti?

FUNSO: Adokotala, ndili m'komiti yothandiza kuyendetsa chipatala china chakumudzi kuno ku Chipera, m'boma la Maravia. Tinalemba mavuto athu: mzere wautali m'mawa, denga lodontha kuchipinda chochilira amayi, mankhwala otha mwezi usanathe, mbuzi zolowa chifukwa palibe mpanda, komanso msewu wa ku Fingoè umene umavuta m'dzinja. Amfumu akufuna mpanda, amayi akufuna denga, ine ndikuti mankhwala. Ndalama zimene anthu asonkha ndi zochepa. Tisankhe bwanji? Bambo wodandaula, Chipera.

YANKHO: Bambo, musagawe ndalamazo pang'onopang'ono kuti aliyense akondwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Komiti yogwira ntchito zisanu nthawi imodzi siimaliza ngakhale imodzi.

Yambani ndi kupatula zimene sizili m'manja mwanu. Msewu simungaukonze, ndipo mankhwala amachokera kuboma. Pa mankhwalawo, pemphani anamwino akuuzeni mtundu umene unatha ndi masiku amene unasowa, mulembe kalata ku ofesi ya zaumoyo ya SDSMAS ku Fingoè. Kalata yotchula dzina la mankhwala ndi masiku imamveka kuposa yongoti "tikuvutika". Mukatumiza, muzikumbutsa, koma isakhale ntchito yaikulu ya komiti.

Pa zotsalazo dzifunseni kuti ndi liti limene likupha munthu. Mbuzi zimanyansa, koma sizipha. Ine ndikuloza mzere, ndipo sindikunena kutalika kwake ayi, ndikunena za amene amalowa poyamba. M'zipatala zambiri wofika m'mamawa ndiye woyamba kuonedwa. Tsono mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana wa malungo kumbuyo amafika dzuwa litakwera, n'kukhala kumapeto kwa benchi. Mwanayo wangoti zii m'chitenje, anthu n'kumati wagona, pamene wakomoka. Patsogolo pake pali akuluakulu a chifuwa ndi msana amene akanatha kudikira.

Izi zinayesedwa ku Malawi. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Dr Elizabeth Molyneux ndi anzake anasintha kalandiridwe ka ana: anaphunzitsa ogwira ntchito kuzindikira wodwalitsitsa akangofika, ndi kukonza malo othandizira ana otere mwamsanga. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2006 zinaonetsa kuti mwa ana 100 ogonekedwa, omwalira anatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 kufika pa 6 mpaka 8. Chipatala chanu ndi chaching'ono, koma mbali yoyambayo mungaichite popanda metical ngakhale imodzi.

M'mawa uliwonse munthu mmodzi wophunzitsidwa ndi anamwino aziyenda mumzere, kuvundukula chitenje ndi kuyang'ana mwana aliyense. Wokomoka, wophupha, wopuma movutika mpaka nthiti kulowa m'kati, wokana kuyamwa, wosanza chilichonse, kapena wa zikhatho zoyera mbuu, apite kutsogolo nthawi yomweyo. Inu a komiti ntchito yanu ndi kufotokozera anthu kumisonkhano ndi kutchalitchi, chifukwa wodikira kuyambira m'bandakucha amakwiya akaona wina akumudumpha, pokhapokha atadziwa chifukwa chake. Gulani kope, muzilemba nthawi imene mwana wotere wafika ndi nthawi imene waonedwa. Popanda kopelo mudzangokangananso, wina akuti zasintha, wina akuti ayi.

Koma musangomvera ine ndili kutali. Khalani pansi ndi anamwino, mutsegule kaundula wa miyezi 6 yapitayi. Ngati akuonetsa kuti vuto lalikulu ndi amayi ochilira kunyumba, tsatirani kaundulayo.

Ndalama zosonkhazo zipite kudenga, mvula isanayambe mu Novembala. Mayi amene anachilira m'chipinda chodontha safuna kubwereranso, ndipo amauza anzake. Mpanda udikire. Amfumu muwaonere kunyumba kwawo msonkhano usanachitike, muwafotokozere mwaulemu, muwapemphenso kuti iwo ndiwo alengeze za mzere watsopano. Mawu awo anthu adzawamvera kuposa anu.

Yambani Lolemba likubwerali, ndipo pakatha miyezi 3 mundilembere zimene zili m'kope.