Mwana wanga amangokhulupirira za pa WhatsApp

Funso: Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 kuno ku Manyamula. Bambo ake anamutumizira foni kuchokera ku Johannesburg. Chilandirireni foniyo, mabuku anawasiya, amangoloweza manotsi a pa WhatsApp, ndipo magiredi atsika. Wina akumuuzanso kuti atumize ndalama kuti amupatse mafunso a MSCE. Nditani?
Mayi wodandaula, Manyamula

Yankho: Mayi, mwana wanuyo akusowa luso losefa zimene akuwerenga. Manotsi ambiri a m'magulu a pa WhatsApp sadziwika amene anawalemba. Ena ndi a silabasi yakale, ena ndi a mayiko ena. Mwana akaloweza zolakwika, pamayeso amalembanso zolakwika zomwezo.

Muthandizeni motere:

1. Asanakhulupirire nkhani, azidzifunsa: walemba ndani, liti, ndipo umboni wake ndi uti?
2. Manotsi aliwonse aziwayerekeza ndi buku lovomerezeka ndi Malawi Institute of Education ya ku Domasi. Zikasiyana, akafunse mphunzitsi wa phunzirolo.
3. Akawerenga, azitseka foni n'kulemba mfundozo m'mawu akeake. Apo m'pamene mudzadziwe ngati wamvetsa.
4. Asatumize ndalama. Ogulitsa mafunso ambiri ndi akuba, komanso kubera mayeso ndi mlandu. Mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana analembanso mu 2021.

Nambala ya munthu amene akufuna ndalamayo mukaipereke kwa mphunzitsi wamkulu, ku bungwe la mayeso la MANEB kapena kupolisi. Magiredi akapanda kukwera teremu ikubwerayi, kaonaneni ndi aphunzitsi ake, ndipo pamsonkhano wa makolo mukapemphe kuti luso limeneli liziphunzitsidwa m'kalasi.