Kodi ndiwete nkhuku ziti kuti ndizitola mazira a mitundu yosiyanasiyana?

Funso: Ndimaweta nkhuku zachikuda kuno ku Kandeu, m'boma la Ntcheu. Ogula ena akuti mazira ofiirira ndiwo opatsa thanzi kuposa oyera. Kodi ndi zoona? Nanga ndiwonjezere mtundu uti?

Yankho: Mayi, mtundu wa chikamba umachokera ku mtundu wa nkhuku, thanzi la dzira ndi limodzimodzi. Chimene chakudya chimasintha ndi yolki. Nkhuku yodya masamba obiriwira ndi chimanga chachikasu imaikira dzira la yolki yakupsa bwino.

Mukafuna ofiirira, pezani Mikolongwe, nkhuku zakuda zija zotchedwa Black Australorp, zimene zidatenga dzinali ku famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu. Zimaikira kwambiri kuposa zachikuda ndipo zimapirira moyo wa pamudzi. Oyera mbee amaikiridwa ndi White Leghorn. Obiriwira ngati mtambo ndi a Araucana ya ku Chile, koma musataye ndalama kuisakasaka, ndi yosowa kuno. Pogula msoti, yang'anani kachikopa ka kukhutu: koyera nthawi zambiri kamalosera mazira oyera, kofiira ofiirira.

Zachikuda zanuzo musazigulitse ayi. Ndizo zodziwa kufungatira, ndipo mukhoza kuziikira mazira a Mikolongwe kapena a nkhanga, amawangamawanga aja, n'kukuswerani.

Nkhuku zatsopano muzisunge padera milungu iwiri musanaziphatikize. Ndipo chonde kaonaneni ndi alangizi a ziweto za katemera wa chitopa musanagule ngakhale imodzi.