Amuna anga akufuna tikasambire ndi nsomba ku Cape Maclear, koma ine madzi ndimawaopa

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 24 wa m'dera la Mfumu Kawinga, kufupi ndi Ntaja. Tinamanga banja chaka chatha. Amuna anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo abwera mu Disembala. Akuti akafika apita nane ku Cape Maclear, tikakwere boti mpaka pachilumba, tikasambire pakati pa nsomba zokongola ngati za pazithunzi zomwe amanditumizira pa WhatsApp. Pafoni ndinavomera mokondwa, koma zoona zake kusambira sindidziwa. Ndinakula ndikumva za ng'ona za mu Shire. Mayi anga akuti ndisayerekeze, ndikatengako likodzo. Zovala zosambirazo nazonso sindingavale pagulu. Ndikuopa kuwauza amuna anga, angandione wotsalira poti iwo anazolowera za kutauni. Ndithandizeni.

Wankhawa, Ntaja

Mwanangu Wankhawa,

Ndayamba ndaseka, usandikwiyire. Akazi ambiri amandilembera kuti amuna awo a ku Joni aleka kuyankha foni, iwe ukudandaula kuti ako akufuna kukuyendetsa kunyanja! Bamboyo amakukonda. Wakhala akusunga marandi uku akuganiza za tsiku lomwe mudzakhale awiriwiri, popanda abale odzafunsa kuti mwatibweretsera chiyani. Tiyeni tiyambire pamenepo, kenako tione nkhawa zako imodziimodzi.

Choyamba, ndipo apa sindiseka: uwauze kuti sudziwa kusambira. Sabata ino, pafoni, asanalipire malo ogona. Pa zonse walembazi, chomwe chingakuphe si ng'ona kapena likodzo, ndi manyazi ako aja. Taganiza. Boti laima, amuna ako adumphira m'madzi, akukukodola, woyendetsa boti akuyang'ana, alendo ena akuseka ndi kujambulana. Iwe poopa kuoneka wakumudzi walowa nawo. Phazi lafufuza pansi, pansi palibe. Munthu womira sakuwa ngati m'mafilimu. Amangoti zii, ndipo amene wabwera kudzamupulumutsa amamukakamira pakhosi mpaka onse kumira. Kodi amuna ako ungawakonzere zotere chifukwa choopa mawu anayi okha, akuti "ine kusambira sindimatha ayi"?

Ndipo wotsalira ndani? Mwana wokulira kumene madzi akuluakulu ali ndi eni ake amaphunzitsidwa kutunga msangamsanga ndi kuchokapo, osati kusewera. Makolo ako anakulera bwino. A Malawi ambirimbiri, ngakhale ena okwera mabwato tsiku ndi tsiku, kusambira sadziwa. Mwinanso amuna akowo akudziwa kusambira kwa pamtsinje wofika m'chiuno basi, akungolimba mtima ndi zithunzi. Uwafunse bwinobwino. Ukaulula iwe, mwina nawonso aulula. Koma ngati angakunyoze chifukwa cha zimenezi, undilemberenso, chifukwa pamenepo nkhani si ya nyanja ayi.

Ndikuonanso china m'kalata yako chomwe sunachitchule. Banja lanu ndi la chaka chimodzi, ndipo chaka chonsecho mwakhalira pafoni. Ukuopa kuti munthu amene akubwerayu wasintha, waona zambiri, ndipo akupeza wochepa. Mantha amenewo ndimawadziwa, ndipo sachoka ndi kudzikakamiza kuoneka wamakono. Ukayamba kunamizira chaka choyamba, udzanamizira mpaka liti? Mwamuna wokhala kutali amafunika kumudziwa mkazi wake weniweni m'masabata ochepa omwe ali pakhomo, ndi zomwe amaopa zomwe.

Za ng'ona. Mantha ako ndi oona, koma ndi a madzi ena. Mu Shire, kuyambira ku Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe mpaka ku Liwonde, musaviikemo ngakhale phazi. Ng'ona ndi mvuu n'zochuluka, ndipo alendo a ku Liwonde National Park amazionera ali m'boti. Ng'ona imakonda madzi odikha, a bango ndi matope, makamaka pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja. Pazilumba za ku Cape Maclear, monga Thumbi chomwe chili pafupi ndi mudzi wa Chembe, pali matanthwe ndi madzi oyera oti mbee, ndipo anthu amasambirapo tsiku ndi tsiku. Komabe nyanja ilibe mpanda. Musambire pokhapo pomwe eni dera akulozerani, masana dzuwa likuswa mtengo, osati mbandakucha, chisisira kapena usiku, ndipo mutalikirane ndi mabango. Safunsa anadya phula: funsani oyendetsa maboti ndi alonda a paki ngati mwaoneka chilombo masiku amenewo.

Tsopano madzi enieniwo. Nyanja ya Malawi si dambo. Kumpoto kwake imazama pafupifupi mamita 700, ndipo ngakhale pafupi ndi chilumba, thanthwe limatha mwadzidzidzi n'kusiya phompho. Lamulo lako likhale limodzi: popanda jekete yoyandamitsa sukwera boti. Uione ndi maso muli pagombe, uivale, aimange zingwe zonse, ikugwire bwino. Akati "ilipo m'botimo mayi, kwerani kaye," ukane. Yoduka zingwe kapena yaikulu yokuvuka pamutu si jekete. Boti lodzaza mopyola nalonso mulisiye lipite. Mugwirizane mtengo musananyamuke, ndipo woyendetsayo amve pakamwa pako kuti sudziwa kusambira, kuti akakuimitseni pamalo osaya ndipo maso ake akhale pa iwe.

Nyengo nayo muiwerengere. Mphepo ya mwera, yomwe imavutitsa asodzi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mu Disembala siikhala nkhani kwenikweni, koma ndi nthawi ya mvula, ndipo namondwe ndi ziphaliwali zimabwera mosalawira. Pitani m'mawa nyanja ili bata. Woyendetsa boti akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero ayi, amuna ako asakakamire poti alipira kale. Ngati amamwako, mowa udikire mpaka mutabwerako kumtunda.

Tsiku loyamba musathamangire kuchilumba. Uvale jekete ija, ulowe pofika m'chiuno amuna ako atakugwira dzanja, uzolowere magalasi a m'madzi ndi kapaipi kopumira. Kupuma ndi pakamwa nkhope ili m'madzi kumadabwitsa poyamba. Mtima umagunda, thupi limakana. Ukaona kuti kapaipi kakukusowetsa mtendere, kasiye, uvale magalasi okha, uziviika nkhope pang'ono n'kudzuka.

Ndikuuzeko chomwe ukukapezako, kuti usaganize kuti azakhali akungokuopseza. Nsombazo amazitcha mbuna. Ndi zazing'ono, zambiri sizitalika kuposa chikhatho chako, ndipo zimakhala m'matanthwe n'kumadya ndere. Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, ngati zitenje zoyalidwa pamsika wa Ntaja tsiku la msika. Siziluma munthu, mwina kukujompha pang'ono pamwendo basi. Akatswiri amati nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo pafupifupi yonse ya m'banja la mbuna ndi chambo sipezeka kwina. Zazikazi zimasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, osadya bwinobwino masabata angapo. N'chifukwa cha nsomba zimenezi boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Anthu amawoloka nyanja zamchere pandege kudzaona zimenezi, pomwe iwe ndi ulendo wa tsiku limodzi: Ntaja, Liwonde, Ulongwe, Mangochi, kenako msewu wa ku Monkey Bay n'kukhotera ku Chembe. Mutenge ziphaso za unzika, chifukwa polowa m'paki Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo. Nsombazo n'zotetezedwa, osagwira, osatengera kunyumba. Oyendetsa maboti ena amamwaza buledi kuti zisonkhane, koma buledi si chakudya chawo, ndipo ukangokhala duu zimabwera zokha.

Likodzo. Apa mayi ako akunena zoona ndipo usawatsutse. Tizilombo take timaswana mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, timatuluka n'kulowa pakhungu la munthu, osamva kanthu. Gombe la mudzi wa Chembe, pomwe anthu amasamba ndi kuchapa, limadziwika ndi vutoli, ndipo ofufuza anaona kuti linakula nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Kumatanthwe a kuzilumba chiopsezo n'chocheperako, koma palibe angalumbire kuti kulibiretu. Ndiye kuyeserera kuja ufunse malo a patali ndi pomwe mudzi umasambira, ndipo usakhalitsemo.

Koma mayi asaiwale kuti likodzo si la ku Mangochi kokha. Kwanu komweko, m'madimba a mpunga ndi m'madambo a kufupi ndi Chilwa ndi Chiuta, lilipo, ndipo ana asukulu amapatsidwa mankhwala ake. Mankhwalawo ndi praziquantel, amamwedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, ndipo utadya kaye. Kumwa tsiku lomwe watuluka m'madzi sikuthandiza, chifukwa sapha tizilombo tikadali tating'ono. Pakatha miyezi iwiri upite kuchipatala, uwauze kuti unasambira kunyanja, akuyeze. Usadikire kuona magazi mumkodzo. Kwa ife akazi likodzo limatha kubisala m'njira ya chiberekero, kupereka zilonda ndi ululu, ngakhale kuvutitsa kubereka, munthu n'kumaganiza kuti amuna anamutengera matenda ku Joni. Amuna ako nawonso akayezetse, ngakhale atabwerera kale kuntchito. Ndipo ngati pofika nthawiyo Disembala adzakhale atasiya mphatso m'mimbamo, poti ndikudziwa momwe maulendo oterewa amathera, uwauze achipatala asanakupatse mankhwala alionse. Malungo nawonso aliko, usiku mugone m'neti. Amishoni a Livingstonia anayamba kumanga pa Cape Maclear pomwepo mu 1875, ndipo malungo ndiwo anawasamutsira ku Bandawe mu 1881. Udzudzu wake sunasamuke nawo.

Zovala si nkhani yoti ikulepheretse tulo. Palibe lamulo loti uvale kabudula wamkati pagulu. Tisheti ndi taiti yofika m'mapazi zikwanira, ndipo zikuteteza kudzuwa. Chomwe ndikuletsa ndi chitenje kapena diresi lalitali m'madzi: zimalemera n'kukulunga miyendo. Ngati umafunda mpango kumutu, ukhale waufupi womanga bwino. Chitenjecho chikudikire m'boti, udzifunde potuluka.

Nanga ukayesa zonsezi mtima n'kukanabe? Ukhale m'boti, jekete ili pathupi. Madzi a pa Thumbi ndi oyera moti mbuna umaziona uli pamwamba. Oyendetsa maboti amaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzaiwakha pamaso pako. Ku Otter Point, mwayi ukakhalapo, muonako akatumbu. Ugwire foni uwajambule amuna ako akuvutika ndi kapaipi, udzakhale ndi chowaseka nacho chaka chonse. Mukhozanso kusintha ulendo wonse n'kupita ku Liwonde, pafupi ndi kwanu, kukaona njovu ndi mvuu muli m'boti, ngakhale ine ndikadakonda kuti nyanjayo ukaione, poti bamboyo mtima wake uli kumeneko ndipo iwenso unakondwa pomwe amakuuza.

Mayi ako usawazembe. Ukhale nawo pansi, uwauze za jekete, za malo omwe mukasambire, ndi mwezi womwe udzapite kuchipatala. Mkamwini wawo naye awatsimikizire ndi pakamwa pake akafika. Pobwerera muwagulire usipa wouma wa ku Chembe, wambiri ndithu woti agawireko anzawo.

Azakhali