Zoyenera ndi zosayenera pamaso pa majaji a chionetsero cha sayansi

Majaji amakhala ndi matebulo ambiri oti ayendere, choncho pa tebulo lanu aima mphindi zochepa chabe. Chomwe akufuna kudziwa ndi chakuti: kodi ntchitoyi mwaigwira nokha, nanga mukuimvetsa?

Choyenera: Yambani ndi funso loti lingayezedwe, monga lakuti kodi mbaula ya Chitetezo imadyadi nkhuni zochepa kuposa mafuwa.

Chosayenera: Musabwere ndi phiri lophulika la soda ndi viniga. Thovu lija ndi mpweya wa carbon dioxide basi, ndipo majaji analiona kambirimbiri.

Choyenera: Poyesa, sinthani chinthu chimodzi chokha. Ngati mukuyerekeza mbaula ndi mafuwa, poto akhale yemweyo, madzi malita 2 konsekonse, nkhuni za mtengo umodzi zouma mofanana. Ziyezeni pa sikelo musanakoleze moto, madzi akawira muyezenso zotsala. Bwerezani katatu kapena kuposerapo, chifukwa kamphepo ka tsiku limodzi kangathe kukunamizani.

Chosayenera: Musaike bulugamu wouma pa mbaula, pa mafuwa n'kuikapo nkhuni zaziwisi. Pamenepo mwayeza nkhuni, osati mbaula, ndipo jaji wakuthwa azitulukira ndi funso limodzi.

Choyenera: Bweretsani kope lomwe munkalembamo poyesa, la madeti ake, ngakhale lili ndi mwaye ndi zofufuta. Kwa ine kope lotere limaposa tchati chilichonse chokongola.

Chosayenera: Musakonze manambala kuti afanane ndi a m'buku. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mwana wa ku Lilongwe amawiritsa madzi, thermometer n'kuima pa madigiri 96 kapena 97, iye n'kulemba 100 poopa kuti walakwitsa. Komatu sanalakwitse. Lilongwe ili pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera mpweya supanikiza kwambiri, choncho madzi amawira asanafike pa 100. Ku Dedza, komwe ndi kokwera kwambiri, nambalayo imatsikanso. Wolemba 96 n'kufotokoza chifukwa chake wapeza mamalikisi omwe wolemba 100 wataya.

Choyenera: Nenani pomwe ntchito yanu yalekezera. Ufa wa njere za chammwamba umachititsa kuti matope a m'madzi aundane n'kudikha pansi, madzi n'kuyera. Zimenezo zionetseni m'mabotolo awiri, lothira ufa ndi losathira.

Chosayenera: Musanene kuti madziwo ndi abwino kumwa, chifukwa kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti tizilombo tonse tafa. Ndipo chonde, musapatse jaji kapu kuti alawe!

Choyenera: Pa tchati lembani zilembo zikuluzikulu: funso, njira, galafu ya zomwe mwapeza.

Chosayenera: Musamatepo masamba osindikiza kuchokera pa intaneti. Palibe amene awawerenge.

Choyenera: Lonjerani majaji mwaulemu, ayang'aneni, fotokozani m'mawu anuanu. Ngati muli pagulu, aliyense akhale ndi gawo loti alankhule. Mukafunsidwa chomwe simukuchidziwa, nenani kuti, "Chimenecho sitinachiyese, koma tikanachiyesa motere."

Chosayenera: Musaloweze ngati ndakatulo ya pa asembule. Woloweza akangodulidwa pakamwa amayambiranso pa moni. Musapekenso yankho, majaji ambiri ndi aphunzitsi a sayansi, bodza amalinunkhiza msanga.

Choyenera: Gwiritsani ntchito zomwe muli nazo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga, mitengo ya bulugamu ndi zitsulo zotola kudzala, ali mnyamata wa zaka 14. Ngati chipangizo chanu chimafuna magetsi, nyamulani batire, ndipo funsiranitu okonza chionetsero ngati amalola moto m'holo.

Chosayenera: Musakagule chopangapanga, kapena kupita kwa amisiri a wailesi kuti akulumikizireni mawaya onse.

Mfundo yomalizayi ikukhudzanso inu aphunzitsi ndi makolo. Thandizani ndi sikelo, ndalama ya batire ndi mafunso ovuta madzulo a tsiku loti mawa chionetsero. Koma waya amange yekha mwanayo, chifukwa jaji akadzafunsa kuti wayayu akupita kuti, inu mudzakhala muli panja.